Odwala auzidwe: diripi ya steroid ili ndi ngongole yake

Mwana wa mlongo wanga, mtsikana amene ndinamuona akukula mpaka tsiku lomwe anakwera basi kupita ku Joni kukafuna ntchito, anandiimbira foni usiku wina ali ndi chimwemwe chodzaza tsaya. "Malume, ndachira!" Kwa masabata awiri diso lake lakumanja linali litachita chidima ndipo mwendo wamanzere unali dzanzi lokhalokha ngati waugonera. Madokotala atamujambula m'mutu ndi makina a MRI anamuuza kuti ali ndi matenda otchedwa multiple sclerosis, kapena kuti MS mwachidule. Anamugoneka m'chipatala namuika diripi m'mawa uliwonse kwa masiku atatu, ndipo sabata isanathe anayambanso kuwerenga mauthenga pafoni yake. Ife kuno kumudzi tinawomba m'manja, ena mpaka anati ku Joni kuli mankhwala ozizwitsa.

M'zaka ziwiri zotsatira matenda aja anamubwerera kangapo ndipo diripi ija anailandira kasanu. Kenaka anayamba kumva ululu m'mphechepeche mwa ntchafu, makamaka akamakwera masitepe kapena kutsika minibasi. Atadandaula anauzidwa kuti ndi MS yomweyo. Panapita miyezi yambiri asanamujambule m'chiuno, ndipo atatero anapeza kuti mutu wa fupa la ntchafu unali utafa n'kuyamba kuphwanyika. Dokotala wa mafupa sanabise, anati chimene akuchiganizira kwambiri ndi mankhwala a m'diripi muja. Lero mwanayu ali ndi zaka 34, akuyendera ndodo. Mau amene anandiuza ndi amene andilembetsa nkhaniyi: "Malume, sindikudandaula kuti anandipatsa mankhwalawo. Chikundipweteka n'choti palibe anandiuza."

Ndinene mosapsatira mau pachiyambi pomwe pano, kuopa kuti wina angawerenge mutu wokha n'kuthamangira kukauza m'bale wake kuti akane diripi. Mankhwala a steroid ndi amodzi mwa mankhwala ofunika kwambiri amene dziko lapansi lili nawo. Mchaka cha 1948 dokotala Philip Hench ndi anzake a ku Mayo Clinic ku America anabaya jakisoni wa cortisone mayi wina amene nyamakazi inamupundula, ndipo patangopita masiku ochepa mayiyo anadzuka n'kuyenda. Mchaka cha 1950 Hench, Edward Kendall ndi Tadeus Reichstein analandira mphoto ya Nobel kaamba ka ntchitoyi. Mchaka cha 2020 kafukufuku wa RECOVERY ku Britain anaonetsa kuti dexamethasone, yemwe ndi wa mtundu womwewu, amachepetsa imfa pakati pa odwala Covid-19 amene akupumira makina. Ana ambiri a mphumu ali moyo chifukwa cha mankhwala amenewa. Nkhondo yanga siili ndi mankhwala ayi. Nkhondo yanga ili ndi chizolowezi chomupatsa munthu mankhwala amphamvu chotere osamuuza chimene angachite, chimene sangachite, ndi ngongole imene angamusiyire.

Poti ambiri mwa ife dzina la MS tikulimva kumene, tiyambe talongosola. Mitsempha ya mu ubongo ndi ya mumsana ili ngati mawaya a magetsi, ndipo uliwonse uli ndi chokutira chake monga momwe waya amakhalira ndi pulasitiki. Pa matenda a MS chitetezo cha m'thupi, chimene ntchito yake ndi kulimbana ndi tizilombo, chimasokonezeka n'kuyamba kudya chokutira chija. Uthenga wochokera ku ubongo umachedwa kapena kutayika panjira. N'chifukwa chake wina amachita khungu diso limodzi, wina amaona zinthu ziwiriziwiri, wina amadzandira ngati waledzera, wina amalephera kusunga mkodzo. Kwa odwala ambiri matendawa amabwera mwa apo ndi apo: amamugwira munthu masabata angapo, amamusiya miyezi kapena zaka, kenaka n'kubweranso pena. Dokotala wa ku Paris, Jean-Martin Charcot, ndiye anawafotokoza bwino mchaka cha 1868. Malinga ndi chiwerengero cha bungwe la MS International Federation cha 2020, anthu pafupifupi 2.8 miliyoni padziko lonse ali ndi matendawa. Amayi ndiwo ambiri kuposa abambo, ndipo kawirikawiri amayamba munthu ali pachimake pa mphamvu zake, pakati pa zaka 20 ndi 40.

N'zoona kuti matendawa ngofala kwambiri ku maiko ozizira monga Canada, Scotland ndi maiko a Scandinavia kusiyana ndi kuno. Koma mau akale oti munthu wakuda sadwala MS anatha ntchito. Ku America madokotala akuwapeza mwa anthu akuda ambirimbiri. Komanso tisaiwale kuti matenda ofuna MRI sungawapeze kumene kulibe MRI: makina oyamba otere kuno kwathu anafika ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre mchaka cha 2008, ndipo anzathu a ku Zambia anayamba kuphunzitsa okha akatswiri a mitsempha ku Lusaka mchaka cha 2018. Palinso matenda ena ofanana nawo otchedwa neuromyelitis optica, ogwira mitsempha ya maso ndi ya mumsana, amene amapezeka kwambiri mwa anthu a makolo a mu Africa, ndipo nawonso akabuka mankhwala oyamba ndi diripi yomweyi. Onjezani apo ana athu amene ali ku Joni ndi ku Britain. Nkhaniyi si ya azungu okha.

Tsono m'diripimo mumakhala chiyani? Mumakhala mankhwala otchedwa methylprednisolone, ena amawadziwa ndi dzina la malonda loti Solu-Medrol, ndipo mlingo wake ndi mamiligalamu 1,000 patsiku kwa masiku atatu mpaka asanu. Kuti mumvetse kukula kwa mlingowu: thupi la munthu aliyense limapanga steroid yakeyake, cortisol, m'tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso. Diripi ya tsiku limodzi imaposa ka 200 mphamvu ya cortisol yemwe thupi limapanga patsiku. Ndi chigumula, ndipo cholinga chake ndi kuzimitsa msanga moto wa kutupa umene wabuka m'mitsempha.

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo ndi pamene mwana wa mlongo wanga sanauzidwe. Diripiyi imafupikitsa nthawi ya kudwala, koma siichiza MS, siiletsa matendawa kubweranso, ndipo siisintha pamene munthu adzathere. Izi zinadziwika kale. Mchaka cha 1992 madokotala a ku America, motsogozedwa ndi Roy Beck, anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa anthu 457 amene mtsempha wa diso unatupa, vuto lomwe nthawi zambiri limakhala chiyambi cha MS. Amene anapatsidwa diripi anayamba kuona msanga kuposa anzawo amene sanalandire mankhwala enieni. Koma patatha chaka maso a magulu onsewa anali kuona chimodzimodzi. Kunena kwina, diso la mwana wathu uja mwina likanabwerera lokha, mochedwerapo. Chimene diripi inamugulira ndi masabata. Masabata si chinthu chochepa kwa mayi amene akuopa kuchotsedwa ntchito, kapena amene miyendo yakana kufika kuchimbudzi. Koma munthu amene akudziwa kuti akugula masabata amawerengera mtengo mosiyana ndi amene akuganiza kuti akugula moyo wake.

Mavuto a masiku oyamba ambiri amawadziwa poti amaoneka pompo: m'kamwa kumveka ngati wanyambita chitsulo, nkhope kutentha, mtima kugunda, kusowa tulo usiku wonse, njala yosatha, chilungulira, shuga ndi BP kukwera. Ena amakhala osangalala mopitirira, ena amalusa, ena amalira popanda chifukwa, ndipo owerengeka amazungulira mutu kwenikweni kwa masiku angapo. Izi zimatha mankhwala akachoka m'thupi, ngakhale kuti banja limene silinachenjezedwe lingathe kuthamangira kwa sing'anga kapena kuganiza kuti ukwati watha.

Zimene zimandidetsa nkhawa ine ndi zobwera mochedwa, munthu atatuluka kale m'chipatala n'kuiwala. Yaikulu ndi imene inagwera mwana wathuyu, imene madokotala amati avascular necrosis, kufa kwa fupa chifukwa chosowa magazi. Mutu wa fupa la ntchafu, umene umazungulira m'chiuno, umadyetsedwa ndi timitsempha tochepa ting'onoting'ono. Steroid wochuluka amasokoneza kayendedwe ka magazi m'timitsemphati, ndipo fupa likasowa magazi limafera mkati mwakachetechete. Munthu samva kanthu poyamba. Ululu umadza patapita miyezi, nthawi zina chaka kapena kuposa, ndipo ndani angaganize kuti kupweteka kwa m'chiuno mu Okutobala kukuchokera ku diripi ya mu Febuluwale? Choipa china n'choti ekisire wamba sasonyeza kanthu matendawa akamayamba, ndi MRI imene imawagwira msanga. Ndipo kwa wodwala MS msampha wake ngwapawiri, chifukwa munthu amene amadziwika kale kuti amatsimphina ndi kumva ululu m'miyendo, aliyense, ngakhale mwini wake, amangoti ndi matenda akale aja. Likapezeka msanga fupalo, pali zimene madokotala angayese kuti alipulumutse. Likaphwanyika, chatsala ndi opareshoni yoikamo chiuno chachitsulo, ndipo chiuno choikira chimatha, kotero kuti wochilandira ali ndi zaka za m'ma 30 ayembekezere kudzang'ambidwanso. Kawirikawiri vutoli limagwira mbali zonse ziwiri.

Ndisakunamizeni kuti izi zimachitikira aliyense. Ambiri olandira diripi sizimawachitikira. Koma si nthano. Mliri wa SARS utabuka mchaka cha 2003, odwala ambiri ku Beijing ndi ku Hong Kong anapatsidwa steroid wochuluka zedi, ndipo ena mwa amene anapulumuka anadzapezeka ndi mafupa a m'chiuno akufa. Chiopsezo chimakula mlingo ukamawunjikana, diripi pamwamba pa diripi. Chimakulanso mwa anthu omwa mowa kwambiri ndi mwa odwala sickle cell, matenda amene kuno kwathu si achilendo.

Palinso zina. Mafupa a thupi lonse amatha kufooka n'kumathyoka ndi kugwa kwapang'ono. Kunena chilungamo, diripi ya masiku atatu kamodzi pachaka siidya mafupa ngati mapiritsi omwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi. Koma wodwala MS mafupa ake amakhala ofooka kale chifukwa chosayenda mokwanira, ndipo amagwa kawirikawiri. Steroid wobwerezabwereza amabweretsa ng'ala msanga, ndipo mwa ena amakweza mphamvu ya madzi a m'diso, matenda a glaucoma, amene amadya maso osapweteka. Munthu amene shuga anali atamuyandikira kale, mankhwalawa angathe kumukankhira m'matendawo. Mwa anthu ochepa chiwindi chimatupa patapita masabata angapo chilandirire diripi, maso n'kuchita chikasu, ndipo akadzalandiranso mankhwala omwewo vutolo limabwerera. Ndiponso amene wamwa mapiritsi a steroid kopitirira masabata atatu sayenera kusiya mwadzidzidzi, chifukwa tiziwalo ta pa impso tija timakhala titagona ndipo timafuna nthawi kuti tidzuke.

Kwa ife a kuno, ndi abale athu okhala kunja amene anakulira kuno, pali chinthu china chimene dokotala wa ku Manchester sangachiganizire msanga. Steroid amagwira ntchito pofooketsa chitetezo cha m'thupi. Ambiri a ife tinakumanapo ndi kachilombo ka TB ndipo kanagona m'mapapo mwathu osatidwalitsa; chitetezo chikatsika kamadzuka. Chimodzimodzi kachilombo ka chiwindi ka hepatitis B. Palinso kanyongolotsi kotchedwa Strongyloides kamene kamalowera pakhungu la mapazi munthu akamayenda wopanda nsapato, n'kukhala m'matumbo zaka makumi osadziwika. Munthu wotere akapatsidwa steroid wochuluka, kamatha kuswana n'kufalikira thupi lonse mpaka kupha, pomwe mapiritsi a ivermectin akanathana nako pasadakhale. M'Malawi amene ali kunja asachite manyazi kumuuza dokotala kumene anakulira, ngati anadwalapo TB, ngati ali ndi HIV. Safunsa anadya phula, koma naye wosanena amadya phula lomwelo.

Ndikudziwa zimene anzanga a zachipatala angayankhe, ndipo sindikuzipeputsa. Adzati: tikamuwerengera wodwala mavuto onsewa adzathawa, n'kukagona kunyumba ndi miyendo yakufa. Adzatinso: dokotala mmodzi, mzere wa anthu mpaka panja, nthawi yokamba nkhani zazitali aipeza kuti? Zachiwirizi n'zoona, ndipo mlandu wake si wa dokotala yekha. Koma zoyambazo ndikuzikana. Maganizo oti munthu wamba sangasenze choonadi, kuti ndi bwino kumuganizira m'malo momuuza, tawamva m'malo ambiri ndipo sanatipindulire. Mayi amene amawerengera yekha ngati agulitse chimanga lero kapena adikire mtengo ukwere, angalephere bwanji kumva kuti mankhwala awa akuchiritsa msanga koma sakuchotsa matenda, ndipo chiuno chikadzayamba kupweteka ubwere nthawi yomweyo? Mau amenewa satha ngakhale mphindi ziwiri. Akanamuuza mwana wa mlongo wanga, sindikukayika kuti diripi yoyamba akanailandira ndithu, poti diso linali litapita. Mwina yachitatu ndi yachinayi, pamene vuto linali dzanzi la m'dzanja lokha, akanafunsa ngati n'kofunikadi. Ndipo ululu utayamba sakanalola kubwezedwa ndi panado miyezi yonse ija.

Zimene ndikupemphazi si zachilendo. Ku England bungwe la NICE, limene limalemba malangizo a kachizidwe ka matenda, limanena kuti si kubwera kulikonse kwa MS kofunika steroid, koma kumene kukumulepheretsa munthu kuchita ntchito zake za masiku onse. Limati dokotala ayambe watsimikiza kuti palibe matenda ena, makamaka a m'chikhodzodzo, chifukwa kutentha thupi kumadzutsa zizindikiro zakale za MS n'kuoneka ngati matenda abwereranso pomwe ayi. Limati wodwala ndi abale ake afotokozeredwe mavuto a mankhwalawa, ndipo limaletsa kumupatsa munthu steroid woti asunge kunyumba kuti azidzamwa yekha akadzamva zachilendo. Limanenanso kuti mapiritsi a methylprednisolone, mamiligalamu 500 patsiku kwa masiku asanu, ayambe ndiwo, diripi ikhale ya pamene zavuta. Kafukufuku wa ku France wofalitsidwa mchaka cha 2015 anapeza kuti mlingo waukulu womwewo, ukamwedwa ngati mapiritsi, umagwira ntchito mofanana ndi diripi. Izi zikutiphunzitsa ziwiri ife amene timakhulupirira kuti mankhwala enieni ndi olowa pa singano: diripi ilibe matsenga, ndipo mapiritsi a mlingo umenewu ali ndi ngongole yofanana.

Komabe gwero la vutoli lili pena. Munthu amalandira diripi kasanu m'zaka ziwiri chifukwa chiyani? Chifukwa matenda akubwerabwera popanda chowaletsa. Mankhwala oletsa MS kubwera pafupipafupi alipo; oyamba, interferon beta, anavomerezedwa ku America mchaka cha 1993, ndipo lero alipo ambiri amphamvu kuposa amenewo. Vuto ndi mtengo. Kumene mankhwala amenewa kulibe, kapena alipo a okhawo olipira inshuwalansi, dokotala amatsala ndi chida chimodzi chotsika mtengo, ndipo amachigwiritsa ntchito mobwerezabwereza. Ndiye kuti wosauka amalipira ndi mafupa ake zimene wolemera amalipira ndi ndalama. Mu Julaye 2023 bungwe la World Health Organization linaika kwa nthawi yoyamba mankhwala atatu a MS, cladribine, glatiramer acetate ndi rituximab, pa mndandanda wake wa mankhwala ofunika amene dziko lililonse liyenera kuyesetsa kukhala nawo. Rituximab si mlendo m'zipatala zochiza khansa. Maunduna a zaumoyo m'chigawo chathu chino ali ndi poyambira, ndipo kuchepa kwa odwala MS kuno kukhale chifukwa chonena kuti n'zotheka, osati chowaiwalira.

Ndisanaiwale, aliyense amene wawerenga mpaka pano n'kumati ine MS ndilibe, ayang'ane m'kabati mwake. Timapiritsi ta prednisolone timene ena amagula popanda chikalata cha dokotala akamva msana kapena bondo, ndi ena amamwera kuti anenepe, ndi a banja lomweli. Mafuta ambiri oyeretsa khungu ogulitsidwa m'misika ali ndi steroid wamphamvu monga clobetasol ndi betamethasone, ndipo amalowa m'thupi kudzera pakhungu. Wodwala MS amalandira chigumula cha masiku atatu pamaso pa namwino. Mlongo wathu wodzola mafuta amadzithira pang'onopang'ono kwa zaka popanda womuyeza shuga kapena BP.

Kwa amene akulandira diripiyi, pa MS kapena matenda ena, pempho langa ndi laling'ono. Lembani m'kabuku kanu ka kuchipatala, kapena m'kope wamba, tsiku lililonse limene mwalandira, dzina la mankhwala ndi mlingo wake, ndipo muzimuonetsa dokotala aliyense watsopano, chifukwa iye sadziwa kuti mnzake wa chipatala china anakupatsani miyezi itatu yapitayo. Funsani ngati vuto la ulendo uno lingathe kudikira. Yezetsani shuga ndi maso. Ululu wa m'chiuno kapena m'mphechepeche ukayamba, nenani momveka kuti munalandira steroid wochuluka ndipo mukufuna kuti fupa liunikidwe.

Mwana wa mlongo wanga tsopano ali pa mndandanda wodikira opareshoni ya chiuno chamanzere, ndipo chakumanja akuchiyang'anira. Mwezi watha diso lija linachitanso chifunga pang'ono. Anapita kuchipatala atanyamula kope lake, namuonetsa dokotala masiku asanu aja, ndipo atakambirana anagwirizana kuti ulendo uno adikire kaye masiku angapo aone. Dokotalayo analembanso kalata yomupempherera mankhwala oletsa matenda kubwera. Yankho lake silinafike.